Kuukitsa Galimoto Yakale ya Rimoti Yothamanga m'Fumbi: Zosunga ndi Zosintha

Galimoto ya rimoti imene yagona m'katoni zaka 35 kapena 40 imapusitsa. Ukaiona kunja umati ikungofunika kuipukuta fumbi ndi kuiika batire latsopano. Koma pulasitiki wake sali monga analili potuluka m'fakitale. Wauma, wachita timing'alu pozungulira mabowo a masikuluwu, ndipo girizi wa m'magiya walimba ngati phula losakanikirana ndi mchenga. Ambiri amayamba ndi kugula mota yaukali ndi batire lamphamvu. Galimoto imathamanga mphindi 5, giyabokosi n'kusweka, ndipo kawirikawiri chimene chasweka chimakhala chiwalo chimene chinasiya kupangidwa kalekale. Zipangizo zatsopano zopangidwa ndi makampani ena zimathandizadi, koma ntchito yake pa galimoto yokalamba ndi kupepukitsa katundu amene pulasitiki wakaleyo wasenza, osati kumuwonjezera wina.

Malangizowa ndi a magalimoto amagetsi a sikelo ya 1/10 a zaka za m'ma 1980: Frog ya Tamiya ya 1983, Grasshopper ndi Hornet za 1984, Hotshot ya 1985, Scorpion ya Kyosho ya 1982, Optima ya 1985, RC10 ya Team Associated ya 1984, ndi ena a msinkhu umenewo.

Dziwani kaye chimene muli nacho

Musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe, pezani buku la malangizo la galimotoyo. Muli zithunzi za chiwalo chilichonse, kutalika kwa masikuluwu ndi malo opaka girizi. Likuuzaninso ngati mwini wake woyamba anaikamo ziwalo za galimoto ina, zimene zimachitika kwambiri.

Kenako tsimikizani ngati ndi yoyambirira kapena yopangidwanso. Magalimoto ambiri otchukawa anabwereranso pamsika: Hornet mu 2004, Grasshopper ndi Frog mu 2005, Hotshot mu 2007, RC10 mu 2013, Scorpion mu 2014, Optima mu 2016. Hornet yoyamba imadziwika ndi nambala 58045, yopangidwanso ndi 58336. Uwu ndi mwayi waukulu kwa wokonza, chifukwa ziwalo za zatsopanozi zimalowa pa zakale zambiri. Koma si zonse. Frog yoyamba inali ndi mashafiti a nsonga za makona 6 amene ankaperepeseka msanga, pamene yopangidwanso ili ndi mashafiti a mtundu wa dogbone, okhala ndi kampira ndi kapini kunsonga zonse ziwiri. Mukafuna atsopanowo, muyenera kugula ndi makapu ake omwe a mbali zonse ziwiri, apo ayi sangalumikizane.

Sankhaninso tsopano: kodi galimotoyi ndi yoika pashelefu kapena yoyendetsa? Ngati ndi yoyendetsa, chotsani bodi yoyambirira, matayala oyambirira ndi masitika osamata, muzisunge m'thumba pamalo opanda dzuwa. Musaboole tchesisi kuti chipangizo chatsopano chikwane. Chilichonse chimene mukuika chikhale choti mawa mutha kuchichotsa galimoto n'kubwerera mmene inalili. Ndipo musagule kanthu mpaka mutaphwasula ndi kutsuka zonse, chifukwa mndandanda umene mungalembe galimoto ili yakuda umasiyana kwambiri ndi umene mudzalembe ili yoyera.

Zida ndi kuphwasula

Masikuluwu a magalimoto a ku Japan ali ndi mitu ya muyezo wa JIS. Amafanana ndi a Phillips koma si amodzi, ndipo sikuludiraiva ya Phillips imaterereka n'kudya mutu. Pezani ya JIS, yaikulu ndi yaing'ono. Mufunikanso zomasulira manati za 5.5 mm ndi 7 mm, kiyi wa makona 6 wa 1.5 mm womasulira piniyoni (kagiya ka pamota), pulayala yosongoka, ndi chowotcherera mawaya cha mawati pafupifupi 60. RC10 ndi ya ku America ndipo masikuluwu ake ndi a mainchi, ambiri a 4-40. Kiyi wa mamilimita amaoneka ngati walowa koma amazungulira m'kati n'kuwononga mutu, choncho pezani makiyi a 0.050, 1/16 ndi 3/32 inchi.

Jambulani zithunzi musanachotse gawo lililonse, ndipo masikuluwu a gawo limodzi akhale m'kathumba kawo kolembedwa. Sikuluwu ya 3x12 mm ikalowa pamalo pa ya 3x8 mm imatulukira mbali ina n'kung'amba pulasitiki kapena kukhudza giya.

Sikuluwu yadzimbiri musaikakamize. Donthezani oyilo womasulira, muisiye usiku wonse, m'mawa muzungulize mutatsindikiza mwamphamvu. Ngati yalowa m'chitsulo, gunditsani nsonga ya chowotcherera pamutu wake masekondi 20 kapena 30 kuti guluu wa m'mazinga afewe. Izi musachite pa sikuluwu imene ili m'pulasitiki. Mutu ukadyeka kale, chekani kamzere pakati pake ndi kasowo, mumasule ndi sikuludiraiva yaphwatalala. Timaklipu ta mtundu wa E timauluka pochotsa, ndiye tichotsereni m'kati mwa thumba loonekera.

Batire lakale la NiCd litulutseni ndipo musayese kulitchaja. Muli cadmium, chitsulo chapoizoni, choncho lipite kumalo osonkhanitsira mabatire otha ntchito.

Kutsuka popanda kuwononga

Pulasitiki amafuna madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, basi. Girizi wouma amachoka mukanyika ziwalo kwa ola limodzi. Petulo, tina, acetone ndi mankhwala otsukira mabuleki zimasungunula kapena kung'alula ABS, pulasitiki amene anapangira matchesisi ambiri a nthawi imeneyo. Choipa kwambiri n'chakuti ming'aluyo siioneka tsiku lomwelo. Imadzaoneka galimoto ikagunda mwala koyamba.

Apa pali kusiyana kofunika pakati pa ABS ndi nayiloni. Nayiloni amamwa chinyezi, ndipo akauma kwa zaka zambiri amathyoka ngati bisiketi. Mikono yogwira mawilo ndi ziwalo zina za nayiloni, monga zoyera za RC10, zimabwerera mphamvu mukaziika m'madzi owira pang'onopang'ono mphindi 10 mpaka 15 n'kuzisiya zizizire momwemo. ABS akalowa m'madzi otentha choncho amapindika ndipo sawongokanso. Ngati simukudziwa kuti chiwalo ndi cha mtundu uti, gunditsani kadontho kochepa kwambiri ka acetone pamalo obisika. ABS amanata nthawi yomweyo, nayiloni sasintha.

Zitsulo zadzimbiri zinyikeni mu viniga woyera maola angapo, muzitsuke m'madzi osungunuliramo soda, muziumitse ndi kuzipaka oyilo nthawi yomweyo chifukwa dzimbiri limabwerera pa ola limodzi. Aluminiyamu wa utoto, monga tchesisi yagolide ya RC10, asayandikire mankhwala otsukira uvuni. Muli soda waukali amene amachotsa utotowo ndi kudya chitsulo.

Zonse zikauma, ziunikeni ndi tochi. Malo amene pulasitiki wayera ngati choko ndiye kuti wakokeka ndipo ali pafupi kuthyoka. Yang'anitsitsani pozungulira bowo lililonse, pamene pamamangika mashoko, ndi pamene mikono imalumikizana ndi tchesisi. Mashafiti ndi ma ekiselo agubuduzeni pagalasi, yopindika imadumphadumpha. Tsopano ndi pamene mungalembe zogula.

Mabowo odyeka ndi ming'alu

Masikuluwu ambiri pa magalimotowa ndi odzitsegulira okha mazinga m'pulasitiki. Nthawi iliyonse imene sikuluwu yotere ilowa molakwika imadula mazinga atsopano pamwamba pa akale, mpaka bowo limakhala lopanda chogwira. Njira yopewera ndi yophweka: ikani sikuluwu pabowo, muizungulize chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yagwera m'mazinga ake akale, kenako mumange. Ikangofika pothera, siyani. Mangani ndi dzanja, osati ndi makina.

Bowo lodyeka kale lidonthezereni kadontho ka supaguluu wamadzimadzi, mumuyendetse m'mbali ndi kamtengo kotokosera m'mano, aume maola angapo, kenako mumange. Ngati kuseri kwa bowo kuli malo, njira yolimba kwambiri ndi kuika bawuti ya M3 yotulukira mbali ina ndi nati yokhala ndi nayiloni m'kati.

ABS wong'aluka amalumikizika ndi phala lopangidwa posungunula tizidutswa ta ABS mu acetone. Apa acetone akugwira ntchito yabwino chifukwa akusungunula mbali ziwirizo kuti zikhale chimodzi. Pakani pang'ono, panikizani, dikirani maola 24, ndipo ngati ndi malo osenza katundu matani kachidutswa ka fibreglass kuseri. Nayiloni salola guluu aliyense wamba. Akathyoka ndi wosintha.

Guluu wabuluu womangira mazinga a masikuluwu ndi wa chitsulo pa chitsulo pokha. Kadontho kake kakagwera pa ABS kapena pa bodi yoonekera kamabala ming'alu.

Mabering'i, magiya ndi difu

Ngati mukufuna kugula chinthu chimodzi chokha, gulani mabering'i. Magalimoto otsika mtengo a nthawi imeneyo ankabwera ndi mabushi apulasitiki kapena amkuwa. Mabushi amakoka mchenga, mchengawo umapala shafiti, shafiti imayamba kugwedera, magiya n'kumalumana mopendekeka. Mabering'i amathetsa zonsezi, ndipo mota imazizira komanso batire limakhalitsa. Pa Tamiya ofala kwambiri ndi a 1150, amene miyezo yake ndi 5x11x4 mm, ndi a 850 a 5x8x2.5 mm. Werengani m'buku kuti galimoto yanu ikufuna angati. Kumawilo ikani otsekedwa ndi labala chifukwa amatchinga fumbi. M'kati mwa giyabokosi a zotsekera zachitsulo ndi okwanira. Onani kaye shafiti: ngati bushi inaipala mpaka kuchepa, bering'i idzagwedera pamenepo ndipo shafitiyo iyenera kusinthidwa.

Chachiwiri ndi piniyoni, kagiya ka pamota. Zambiri zoyambirira zinali za aluminiyamu wofewa. Mano ake amasongoka ngati a sowo, ndipo fumbi lake lotuwa likasakanikirana ndi girizi limakhala ngati sandipepa pa magiya apulasitiki. Mukatsegula giyabokosi n'kupeza phala lotuwa, gwero lake ndi limenelo. Ikani yachitsulo cholimba, koma samalani ndi kukula kwa mano. Hornet imafuna piniyoni ya mano 18 ya module 0.8, imene ili pafupi kwambiri ndi 32 pitch moti ziwirizi zimagwirizana. Module 0.6 ndi 48 pitch zimaoneka zofanana ndi maso koma sizigwirizana. Zikakakamizidwa zimalira ndipo giya yaikulu imatha pa batire limodzi kapena awiri. Shafiti ya mota ya 540 ndi 3.17 mm, ndipo kasikuluwu ka piniyoni kagwere pamalo aphwatalala a shafitiyo.

Pa magalimoto amene mota imasunthika, ikani kapepala ka m'kope pakati pa piniyoni ndi giya yaikulu, kankhirani mota, mangani, kenako tulutsani kapepalako. Pazikhala kampata kochepa kwambiri koti mukagwedeza giya yaikulu muzimva kakugogoda. Yesani malo 4 ozungulira giyayo, chifukwa magiya akale sakhala ozungulira ndendende. Pothina kwambiri mota imatentha. Potakasuka kwambiri mano amakululuka.

Girizi akhale wochepa. Pa magiya apulasitiki pakani wa ceramic kapena wa silikoni wongonyowetsa mano. M'kati mwa difu ya magiya, chiwalo chimene chimalola mawilo awiri kuzungulira pa liwiro losiyana pokhota, mungaike girizi wonata wa AW, amene amachedwetsa difuyo pang'ono kuti wilo limene lanyamuka lisamangozungulira lokha. Ziwalo zimene zili panja, monga ma dogbone ndi magiya osavundikira, zisiyeni zouma, chifukwa girizi kumeneko amangoitana mchenga.

Frog ndi abale ake a tchesisi yofanana ali ndi nthenda yodziwika. Mbali za giyabokosi ndi timalata ta aluminiyamu topyapyala timene timatanuka mphamvu ikachuluka, magiya a difu n'kutalikirana n'kuyamba kudumphana. Chizindikiro chake ndi kulira kwa khekhekhe ponyamuka. Kusintha magiya okha sikuthandiza kwa nthawi yaitali. Chimene chimathandiza ndi chomangira cholimbitsa mbali ziwirizo, timawasha topyapyala tochotsa mpata m'kati, kapena difu ya timipira tachitsulo ngati imene kampani ya MIP inapangira tchesisi imeneyi. Difu yotere imangeni pang'onopang'ono mpaka isamaterereke mukagwira mawilo onse awiri n'kuyesa kuzunguza giya yaikulu ndi chala. Ikaterereka poyenda imatentha n'kusungunula giya. Ikamangidwa mopitirira, timipira timaboola mbale zake.

Mashoko

Mashoko a oyilo akale pafupifupi onse amakhala atadontha. Aphwasuleni, tayani timphete ta labala takale, ikani tatsopano ta kukula komweko titanyikidwa kaye mu oyilo wa silikoni kuti tisang'ambike shafiti polowa. Shafiti yokandika imadula timphete tatsopano mlungu womwewo, choncho yokandika ndi yosintha. Poigwira ndi pulayala ikulungeni ndi kachikopa kapena pepala lochindikala.

Thirani oyilo wa silikoni wa 300 mpaka 400 cSt, yendetsani pisitoni pang'onopang'ono kangapo, dikirani mphindi 10 kuti thovu likwere, kenako tsekani. Oyilo wa injini ayi: amatupitsa labala ndipo amasintha kulimba ndi nyengo. Mashoko awiri akutsogolo akhale ofanana kutalika ndi kulimba, chimodzimodzinso awiri akumbuyo.

Mukagula atsopano, yezani akale kuchokera pakati pa bowo lam'mwamba kufika pakati pa lam'munsi atatambasuka. Aatali kwambiri amagwetsa mikono mopitirira, ma dogbone n'kusolokamo. Ngati apitirira ndi mamilimita ochepa, ikani kotchinga ka 2 kapena 3 mm pashafiti, pansi pa pisitoni. Masipuling'i a mashoko amakono nthawi zambiri amakhala olimba kwambiri kwa galimoto yopepuka chonchi. Yesani motere: galimoto ili ndi batire, igwetseni kuchokera pa masentimita 20. Ikhale pansi kamodzi osadumpha ndiponso osagunditsa mimba.

Za aluminiyamu wonyezimira

Msika wadzaza ndi mikono, nsanja za mashoko ndi zogwirira mawilo za aluminiyamu wa mitundu yokongola. Ganizani kawiri. Galimoto ikagunda chinthu, mphamvuyo iyenera kuthera penapake. Mkono wapulasitiki umapindika kapena kuthyoka, ndipo ndi wosavuta kupeza. Mkono wa aluminiyamu suthyoka. Umapereka mphamvu yonse ku tchesisi yakale, ndipo chothyoka chimakhala chimene simungachipezenso. Komanso aluminiyamu akapindika sabwerera, galimoto imangoyamba kukokera mbali imodzi. Chitsulo chikhale pamene pali kutentha kapena kuperepeseka: chogwirira mota, piniyoni, mashafiti, timipira tolumikizira chiwongolero. Pamene pamalandira nkhonya pakhale pulasitiki watsopano.

Ziwalo zosindikizidwa pa makina a 3D zapulumutsa magalimoto ambiri amene ziwalo zake sizinapangidwenso. Funsani kuti zapangidwa ndi chiyani. Za nayiloni wa ufa wowotcheredwa ndi laser zimapirira. Za PLA zimathyoka motsatira mizere yake ndipo zimafewa kutentha kukangofika madigiri pafupifupi 60, choncho pafupi ndi mota sizikhala. Mabowo ake ayeretseni ndi kabowolero kogwira pamanja musanamange.

Zamagetsi

Chowongolera liwiro chakale chinali cha makina: servo, kamakina kosuntha zinthu molamulidwa ndi rimoti, inkakankha kamkono pa timalata tamkuwa, ndipo mphamvu yotsala inkatayidwa ngati kutentha m'ka resistor koyera ka dothi. Chimawononga batire, chimawotcha zala, ndipo batire likafooka servo imatha kuima kamkono kali pa liwiro lonse galimoto n'kuthawa. Chichotseni pamodzi ndi servo yake, resistor ndi kabokosi ka mabatire 4 a risiva (cholandirira uthenga wa rimoti), muzisunge m'thumba lija. M'malo mwake ikani ESC, chowongolera liwiro chamagetsi, ya mota za mabulashi. Hobbywing QuicRun 1060 ndi chitsanzo chofala: imapirira maampu 60, imadyetsa risiva ndi servo yokha, ndipo ili ndi kapulagi kosankhira pakati pa mabatire a LiPo ndi a NiMH. Kapulagi kameneko kakhale pamalo oyenera, chifukwa ndi kamene kamauza ESC nthawi yodula magetsi. Imateni ndi tepi yomata mbali zonse pamalo opita mphepo.

Wailesi yakale yoyendetsera galimoto, ya makristo, ya 27 MHz kapena ina yotere, imasokonezeka mosavuta. Rimoti ndi risiva za 2.4 GHz zimathetsa vutoli ndipo sizifuna mlongoti wautali. Mukalumikiza ziwirizi, ikani failsafe kuti uthenga wa rimoti ukatayika mota iime. Servo zakale zina zinali ndi mapulagi osiyana ndi a lero, ndipo za Sanwa ndi Airtronics zakale mawaya ake a magetsi anali osemphana ndi a makampani ena, moti kungoilumikiza kungapsereze risiva. Servo yatsopano ya kukula kwa masiku onse, ya mphamvu ya 3 mpaka 6 kg-cm, ndi yokwanira. Ya 20 kg-cm imathyola ziwalo za chiwongolero. Werengani mano a shafiti yake: Futaba ali 25, Hitec 24, Sanwa ndi KO 23, ndipo chotetezera servo chiyenera kufanana nawo. Yatsani wailesi kuti servo ikhale pakati musanamange chotetezeracho, kenako chepetsani malire a chiwongolero parimoti mpaka servo isamalire mawilo akafika kumapeto.

Mota yoyenera magalimoto ambiriwa ndi yomwe ija ya chitini chasiliva, Mabuchi RS-540 ya mapindo 27 a waya wa mkati mwake. Grasshopper inkabwera ndi 380 yaing'ono, ndipo imalandira 540 mukaika piniyoni ya mano 18. Mota yakale ipemerereni mankhwala otsukira mota ili kunja kwa galimoto, donthezani kadontho kamodzi ka oyilo wopepuka pa bushi iliyonse, muiyese ndi mavoti 3. Ikamathetheka kwambiri kapena kuzungulira modukiza, gulani ina. Wofuna liwiro pang'ono angakwere kufika pa mapindo 25 kapena 23, monga Torque Tuned ndi Sport Tuned za Tamiya. Mapindo akachepa mota imakwiya kwambiri. Kuthamanga sikufika: mota ya brushless (yopanda mabulashi) yaukali imapotokola mashafiti, imakulula difu, ndipo galimoto ya ekiselo imodzi kumbuyo ngati Hornet siwongoleka n'komwe pa liwiro limenelo. Ngati mwatsimikiza mtima pa brushless, ikhale ya masensa ya mapindo 21.5 kapena 17.5, ndipo mphamvu yonyamukira muitsitse pa ESC.

Mukakoka chala parimoti kuti ipite kutsogolo, galimoto n'kupita m'mbuyo, musangosinthanitsa mawaya mwachisawawa. Ma ESC ambiri amapereka mphamvu yochepa pobwerera m'mbuyo. Ngati mbali yamphamvu ili pokoka chala koma mawilo akuzungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri a mota ya mabulashi. Ngati pokoka chala mphamvu ndi yochepa, tembenuzani tchanelo cha liwiro parimoti kaye.

Batire loyambirira linali la NiCd la maselo 6, mavoti 7.2, nthawi zambiri 1200 mAh. La NiMH la 3000 mAh ndi lofanana mawonekedwe, limalowa popanda kusema kanthu, ndipo mphamvu yake imabwera mofatsa, zimene magiya akale amakonda. LiPo ya maselo 2 ndi yopepuka ndipo imakankha mwamphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikhale ya chikuto cholimba cha m'mbali mozungulira, chifukwa ya makona 4 silowa m'malo ambiri akale. Yezani malowo musanagule. Imadzaza pa mavoti 8.4, selo lililonse lisatsike kupitirira mavoti 3, ndipo posunga likhale pa 3.8. Tchajani ndi tchaja ya LiPo yolinganiza maselo, pa maampu 4 ngati batire ndi la 4000 mAh, m'thumba losagwira moto, inu muli pomwepo. Lotupa lisagwiritsidwenso ntchito. Kachitseko ka batire ka pansi pa Grasshopper ndi Hornet kamakonda kutseguka galimoto ikatera, ndiye kamangeni ndi tepi yolimba kapena lamba. LiPo yokwekwerezeka pamiyala ndi moto.

Mapulagi oyera akale amatakasuka, amatentha, nthawi zina mpaka kusungunukirana. Ikani a Deans kapena XT60 ndi waya wa 14 AWG. Pabatire dulani ndi kuwotcherera waya mmodzi, mumuphimbe, kenako mugwire winayo. Mukadula onse awiri pamodzi, mpeniwo ulumikiza magetsi.

Matayala ndi bodi

Labala wong'aluka sachira ndi mafuta aliwonse. Gulani matayala opangidwanso. Malimu a zidutswa 3 a Grasshopper, Hornet ndi Frog amapana tayala okha popanda guluu. Mangani timasikuluwu take pang'onopang'ono modumphitsa, osamaliza kamodzi musanayambe ena, apo ayi limu limapendekeka. Pali zolumikizira zosinthira ku makona 6 a 12 mm zimene zimalola malimu amakono, koma tayala lalikulu kapena logwira kwambiri limalemetsa mota ndi magiya, ndipo limagubuduza galimoto pokhota m'malo moilola kutsetsereka.

Mabodi alipo a mitundu iwiri ndipo penti wake ndi wosiyana. Yolimba, ngati ya Grasshopper, imapentedwa kunja: ichotseni penti wakale poinyika mu isopropyl, ipaleni ndi sandipepa ya 600 kapena 800 yonyowa, ikani penti woyambira, kenako penti wa pulasitiki wolimba monga wa TS. Yoonekera ya polycarbonate, ngati ya Hornet, imapentedwa m'kati ndi penti wotanuka monga wa PS. Penti wolakwika amasuwuka galimoto ikangogunda. Itsukeni ndi sopo, matani mawindo, pemererani muli pa masentimita 25 mpaka 30, magawo opyapyala 3 kapena 4 otalikirana mphindi 15. Yambani ndi mitundu yakuda, malizani ndi yowala, ndipo kumbuyo kwa mtundu wowala ikani woyera kapena wasiliva kuti usaonekere. Bodi yakale ya polycarbonate sikonda kuchotsedwa penti, imachita chifunga kapena kusweka, choncho kugula yopangidwanso n'kwanzeru. Team Blue Groove imapanga mabodi otere ndipo MCI Racing imasindikiza masitika a magalimoto akale. Mng'alu waung'ono uboolereni kabowo ka 1.5 mm kumapeto kwake kuti usapitirire, kuseri mumate kansalu ka fibreglass ndi guluu wotanuka wokonzera nsapato. Supaguluu amaumitsa polycarbonate n'kuiswa. Masitika aakulu amateni pamalo onyowetsedwa ndi madzi a kadontho ka sopo kuti muthe kuwasuntha, kenako finyani madziwo kuchokera pakati.

Ulendo woyamba

Musanaike mota, kankhani galimoto ndi dzanja patebulo. Iyende mwakachetechete, ndipo mukazunguza wilo limodzi lakumbuyo linalo lizungulire mosemphana popanda kukodwa. Mashoko atachotsedwa, mkono uliwonse uzigwa wokha ndi kulemera kwake. Wothina ndiye kuti pini yapindika kapena sikuluwu yamangidwa mopitirira.

Ikani galimoto pakabokosi mawilo ali m'malere. Yatsani rimoti poyamba, galimoto pambuyo, ndipo pozimitsa muyambe ndi galimoto. Mota ikuzungulira pang'onopang'ono, zimitsani dala rimoti kuti muone ngati failsafe ikugwira. Kenako pitani pa dothi losalala lopanda udzu wautali, chifukwa udzu umalemetsa mota kuposa china chilichonse, muyendetse mphindi 3 pa theka la liwiro. Imani, gwirani mota. Ngati chala sichingakhalepo masekondi 3, yatentha kwambiri. Ndi choyezera, isapitirire madigiri 70. Zifukwa zake kawirikawiri ndi piniyoni yothina, piniyoni ya mano ambiri, matayala aakulu, kapena bering'i imene yakhala mopendekeka. Unikaninso malo aja munawaona oyera, mangani manati a mawilo, ndipo onani ngati mashoko anyowa. Batire loyamba likatha, tsegulani giyabokosi. Girizi akhale wa mtundu umene munamuikira. Mukapeza tizidutswa toyera, magiya akulumana mopendekeka ndipo pakufunika kawasha ka 0.1 kapena 0.2 mm kuseri kwa giya imene ikugwedera.